Miyezi itatu kunja: momwe lekichala angapezere fellowship yakanthawi kochepa

Pa ntchito yathu yophunzitsa ku yunivesite pali msinkhu wina umene munthu umatitimira ngati galimoto m'matope a mu Febuluwale. PhD unamaliza zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zapitazo. Makalasi ndi odzaza moti ophunzira ena amaimirira kumbuyo. Udindo wa mkulu wa dipatimenti anakusenzetsa chifukwa panalibe wina woufuna. Mu laputopu muli foda ya mapepala oti umalize, koma sunaitsegule chiyambire mvula ya chaka chatha. Ndikulembera anzanga otere, a ku MUBAS pa Chichiri, a ku KUHeS, ofufuza a pa Queens, komanso amene amagona mu Blantyre muno koma amagwira ntchito ku MUST ku Thyolo kapena ku Catholic University ku Nguludi.

Kupitanso kunja zaka zinayi sikungatheke. Ana ali pasukulu, makolo kumudzi akuyang'ana inu, ndipo mwina nyumba ku Chileka kapena ku Mpemba ili pa lintala. Koma masabata asanu ndi atatu, kapena miyezi itatu, zimenezo n'zotheka. Ndiye ntchito ya ma fellowship akanthawi kochepa: amakulipirirani ulendo, malo ogona ndi chakudya kuti mukakhale pa yunivesite ina, kutali ndi misonkhano ndi kuchonga mayeso, n'kugwira ntchito imodzi mpaka ithe.

Yambani ndi ntchitoyo, dziko lidzabwera pambuyo

Apa ndi pamene ambirife timaphonya, ndipo ndikhalitsapo. Munthu ukaona chilengezo pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito, maso amathamangira pa dzina la mzinda. Kenako umayamba kufunafuna nkhani yoti ukachite kumeneko. Zimenezi zimaoneka m'kalata yako, ndipo osankha amazinunkhiza msanga.

Ine ndimachita za madzi ndi chilengedwe. Nditafunsira koyamba, ndinalemba kuti ndikufuna kufufuza za kuipitsidwa kwa mitsinje yonse ya m'chigawo cha kumwera. Ndinapita nayo pepalayo kwa mayi wina, pulofesa amene anatiphunzitsa kale, kuti andiwerengere. Anavula magalasi, n'kuika pepalalo pa tebulo, nati: "Achimwene, mwapempha miyezi itatu koma ntchito mwalembayi ndi ya zaka khumi. Kodi mu kabati yanu muli chiyani chimene chatsala pang'ono kupsa?" Ndinatumiza ndithu momwemo chifukwa tsiku lotsekera linali litayandikira, ndipo sanandisankhe. Chaka chotsatira ndinabwerera ku funso la mayi aja. Ndinali ndi dothi la pansi pa mtsinje wa Mudi limene ine ndi ophunzira anga tinatapa malo angapo, kuyambira kumtunda mpaka kupyola kumafakitale, louma bwino, lili m'timabotolo tolembedwa manambala. Chimene chinkasowa ndi makina oyezera zitsulo zapoizoni amene labotale yathu inalibe. Ndinalemba zimenezo basi: dothi ndili nalo, makina ali kwa inu, pakutha pa masabata khumi padzakhala pepala limodzi. Ulendo umenewo anandiyankha.

Choncho khalani pansi ndi kope, mulembe ntchito zanu zonse zimene zinaima panjira. Pa iliyonse dzifunseni: chatsala n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani sichingathekere kuno? Yankho likhale logwirika. Mwina ndi makina. Mwina ndi makalata akale a amishoni kapena a boma la atsamunda amene amasungidwa ku Edinburgh kapena ku Kew. Mwina ndi katswiri wa masamu a kafukufuku amene mukufuna kukhala naye pa tebulo limodzi masabata anayi. Mwina ndi bata chabe loti musandutse thesis yanu kukhala buku. Sankhani imodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kenako dziwani makomo amene alipo

Makomo ndi ambiri kuposa momwe timaganizira, koma lililonse lili ndi muyezo wake. Ku Germany, bungwe la Alexander von Humboldt lili ndi Georg Forster Research Fellowship, yomwe ndi ya ofufuza ochokera m'maiko amene akutukuka kumene. Kwa ofufuza amene akhalitsa pa ntchito, koma PhD yawo siinapyole zaka 12, imapereka miyezi 6 mpaka 18, ndipo chokoma chake n'chakuti nthawiyo mungathe kuigawa maulendo mpaka atatu. Kwa munthu wa banja ndi makalasi, zimenezi n'zofunika kwambiri. DAAD, bungwe lina la ku Germany lothandiza pa maphunziro, nayo m'zaka zapitazi inkathandiza malekichala kukachita kafukufuku kumeneko kwa mwezi umodzi mpaka itatu. Bungwe la TWAS, lomwe likulu lake lili ku Trieste m'dziko la Italy ndipo analiyambitsa ndi Abdus Salam mu 1983, lili ndi mapulogalamu angapo a asayansi, kuphatikizapo ulendo wa miyezi itatu ku Germany mogwirizana ndi DFG (bungwe la kumeneko lopereka ndalama za kafukufuku), wa anthu amene PhD yawo ikadali yaposachedwa. A fizikisi ndi masamu ayang'anenso ICTP, malo a kafukufuku a mu mzinda womwewo wa Trieste.

Ku Britain, Africa Oxford Initiative imaitana ofufuza a mu Africa kukakhala ku Oxford pafupifupi miyezi iwiri. Commonwealth Professional Fellowships ndi za masabata 6 mpaka miyezi itatu, ndipo zimadzera ku mabungwe a ku Britain amene avomerezedwa kulandira alendo chaka chimenecho. A mbiri yakale, zilankhulo, ndale ndi chikhalidwe asamadzione ngati oiwalidwa: African Studies Centre ya ku Leiden ndi Nordic Africa Institute ya ku Uppsala zimalandira alendo ofufuza kwa miyezi ingapo, ndipo malaibulale awo a nkhani za Africa ndi olemera zedi. Ku America kuli Fulbright African Research Scholar Program, ya miyezi 3 mpaka 9, yomwe imadzera ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Musanathere nthawi pa imeneyi, funsani kaye ku ofesiko za ma viza, pakuti kuyambira 2025 malamulo olowera ku America kwa Amalawi akhala akukhwimitsidwa. Ndipo musaderere pafupi. STIAS, bungwe lolandira ofufuza la ku Stellenbosch ku South Africa, ndi malo abwino kwambiri olembera, ndipo kukagwa zovuta kunyumba mungafike tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Mapulogalamuwa amasintha, ena amaima chaka china n'kuyambiranso. Werengani pa tsamba la eni ake, osadalira uthenga umene wadutsa m'mafoni khumi. Poyamba penipeni yang'anani zinthu zitatu: malire a zaka kuchokera pamene munalandira PhD, ngati Malawi ili pa mndandanda wa maiko, ndi tsiku lotsekera. Malire a zaka aja ndi amene amatipweteka ife a pakati. Umati ndidzafunsira chaka cha mawa, chaka cha mawa, kenako wapezeka wapyola. Komanso chenjerani ndi aliyense wokuuzani kuti mwasankhidwa pa zimene simunafunsire, n'kumati tumizani kaye ndalama ya kalembera. Fellowship yeniyeni siyamba ndi kukupemphani ndalama.

Pezani wokulandirani

Ma fellowship ambiri amafuna kalata yochokera kwa pulofesa wa kumene mukupita, yonena kuti akukuyembekezani ndipo desiki, labotale kapena laibulale zilipo. Kwa ine sitepe iyi ndiye mtima wa nkhani yonse. Kalata ya munthu amene wawerengadi ntchito yanu imasiyana kutali ndi kalata ya mizere itatu yolembedwa mwaulemu chabe. Yambani kufuna munthuyu miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale chaka, tsiku lotsekera lisanafike.

Mumupeza kuti? Tsegulani mapepala anu omwe, muone maina amene mumawatchula kawirikawiri. Kumbukirani amene anayesa thesis yanu. Ndipo tsegulani maso mu Blantyre momwemuno. Mzinda uno umalandira ofufuza akunja ambiri chifukwa cha Queens, KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, ndipo ubale wathu ndi Scotland ndi wakale, dzina la mzinda wathu lomwe linachokera kwawo kwa David Livingstone. Mlendo akabwera kudzakamba pa semina, musatuluke akangomaliza kuomba m'manja. Mufunseni funso limodzi labwino, mutenge imelo yake, mumulembere sabata yomweyo akadakukumbukirani nkhope.

Imelo yoyamba ikhale yaifupi moti munthu angaiwerenge pa foni ali mu sitima. Nenani kuti ndinu ndani ndipo mumaphunzitsa kuti. Tchulani pepala lake limodzi limene mwawerenga ndi pamene likukumana ndi ntchito yanu. Nenani chimene muli nacho m'manja, kaya ndi data, zitsanzo za dothi kapena magazi, kapena mitu inayi ya buku. Tchulani fellowship imene mukufuna kufunsira, tsiku lotsekera, ndiponso kuti ndalama zidzachokera kumeneko osati m'thumba mwake. Ikanipo CV ya masamba awiri. Musayambe ndi kudandaula za umphawi wa dziko lathu, ndipo musalembe ngati mukupempha chifundo. Mukubweretsa chinthu chimene iye alibe: mukudziwa malo, chilankhulo, anthu ndi mafunso amene iye sangawaone ali ku Bonn. Akapanda kuyankha pakatha masabata awiri, kumbutsani kamodzi. Akakhalabe chete, pitani kwa wina popanda kukwiya. Kumbukiraninso kuti mu Julayi ndi Ogasiti ambiri ku Ulaya amakhala pa tchuthi.

Musanatumize imeloyo, munthuyo adzakufufuzani pa intaneti. Konzani ORCID ndi Google Scholar yanu, masamba a pa intaneti osonyeza zimene wofufuza wasindikiza, kuti mapepala anu aoneke pamodzi. Ngati muli ndi pepala limene munasindikiza mu magazini aja olipiritsa amene amavomera chilichonse pa masiku atatu, ndi bwino osaliika patsogolo. Pepala limodzi la mu Malawi Medical Journal kapena magazini ina yodziwika limalemera kuposa asanu a mtundu umenewo.

Lankhulani ndi akuntchito kwanu msanga

Anthu ena amabisa mpaka kalata yowasankha itafika, kuopa nsanje kapena manyazi akalephera. Ndikumvetsa, koma zimabweretsa mavuto. Mkulu wa dipatimenti akadzidzimutsidwa semesita ili pafupi kuyamba, ali ndi chifukwa chomveka chokanira. Pitani kwa iye mukadali pokonzekera, mutanyamula yankho la funso limene adzafunse: makalasi anu aphunzitsa ndani? Gwirizanani ndi mnzanu kuti akugwirireni semesita ino, inu mudzamugwirira ikubwerayo. Ophunzira a masters amene mukuwayang'anira muwapangire ndondomeko. Kenako pitani ku ofesi yoona za ogwira ntchito mukawerenge nokha malamulo a tchuthi cha kafukufuku: mumayenera kukhala mutagwira zaka zingati, malipiro amapitirira kapena ayi, ndipo kodi mudzasaina bondi yoti mudzagwire nthawi yakutiyakuti mukabwerako. Chilolezo chilichonse chikhale cholembedwa ndi chodindidwa. Mawu apakamwa a m'khonde amaiwalika, makamaka maudindo akasintha inu muli kunja.

Kulemba pempho lenilenilo

Osankha amawerenga mapempho ambirimbiri, nthawi zambiri usiku atatopa, ndipo ena mwa iwo si a phunziro lanu. Ndime yoyamba inene funso lanu m'mawu amene mnzanu wa dipatimenti ina angamve. Kenako yankhani mafunso anayi amene ali m'mutu mwawo: chifukwa chiyani ntchito imeneyi, chifukwa chiyani inuyo, chifukwa chiyani malo amenewo, chifukwa chiyani tsopano. Ikani ndondomeko ya sabata ndi sabata. Ine ndinalemba kuti masabata awiri oyamba ndi ophunzira makina, anayi otsatira ndi oyeza, otsalawo ndi olemba. Munthu akaona zotere amadziwa kuti mwaiganizira ntchitoyo mpaka pansi.

Pafupifupi fomu iliyonse ili ndi gawo lofunsa phindu limene dziko lanu lidzapeze. Ambiri timalembapo mawu akuluakulu a chitukuko amene sanena kanthu. Lembani zimene mudzachitedi: kosi yakuti ya chaka chachinayi idzasintha motere, ophunzira awiri a masters adzagwiritsa ntchito njira imeneyi, zotsatira ndidzazipereka ku khonsolo ya mzinda ndi ku Blantyre Water Board. Ngati mutchula Malawi 2063, sonyezani pamene ntchito yanu ikukhudza, osangoponya dzinalo.

Akakupatsani malire a mawu 1,000, musapyole. Tumizani zolembazo kwa wokulandirani kuti aikepo maganizo ake, pakuti iye amadziwa zimene osankha akwawo amakonda. Mupatsenso mnzanu mmodzi wosaopa kukuuzani zoona.

Makalata a umboni ndiwo amagwetsa anthu pa mzere womaliza. Mnzanga wina anamaliza zonse bwinobwino, koma mmodzi mwa omulembera umboni anali ku maliro kumudzi kopanda netiweki, ndipo kalata inalowa tsiku litadutsa. Chaka chonse chinapita. Pemphani mwezi wathunthu nthawi isanakwane, apatseni CV ndi pempho lanu kuti asalembe za m'mutu, ndipo khalani ndi munthu wachitatu wapadera. Inunso musadikire tsiku lomaliza. Magetsi athu mukuwadziwa, ndipo ola lotsekera ndi la kwawo, osati la kuno. Tumizani kukadali masiku atatu. Masatifiketi anu ajambulidwe bwino ndi sikana, osati ndi foni pa bedi, ndipo muwasunge pa intaneti pomwe mungawapeze laputopu itafa.

Ngati kafukufuku wanu akukhudza anthu, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga COMREC ku KUHeS kapena makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology, chikhale m'manja kale. Ngati mudzanyamula zitsanzo kupita nazo kunja, pamafunika mgwirizano wolembedwa pakati pa mayunivesite awiriwo ndi zilolezo za mbali zonse ziwiri. Zimenezi zimatenga miyezi. Dothi langa la mu Mudi linatsala pang'ono kutsalira chifukwa ndinayamba mochedwa kufunsa za chilolezo cholowetsera dothi m'dziko la eni.

Akakusankhani

Tsegulani pasipoti lero lomwe, ngakhale musanafunsire, muone tsiku lothera ndi masamba opanda kanthu. Ngati yatsala ndi miyezi yochepa, yambani zokonzanso tsopano. Za viza, anthu a mu Blantyre tiziwerengera ulendo wa ku Lilongwe, nthawi zina kawiri, ndi malo ogona. Viza ya Schengen yakanthawi kochepa, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya monga Germany, imalola masiku 90 okha, ndipo imafuna inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Mukapyola masiku 90 ndiye kuti mukufunika viza ya mtundu wina ya dziko limene mukupitalo. Ku Britain, wokakhala kupyola miyezi 6 amayenera kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezeka, ndipo maphunziro ena a sayansi ndi uinjiniya amafuna satifiketi ya ATAS, chilolezo cha boma la Britain, yomwe imatenga masabata angapo. Ofesi yoona za alendo ya yunivesite yokulandirani imadziwa zonsezi. Ifunseni, pajatu safunsa anadya phula.

Nkhani ya ndalama ifunseni mosachita manyazi. Kodi tikiti agula okha kapena mugule adzakubwezereni? Kodi alawansi yoyamba idzalowa liti, ndipo mu akaunti iti? Mafunso amenewa ndi aakulu kwa Mmalawi, chifukwa ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki mwathu, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikiti ya ndege si chinthu chimene lekichala angangotulutsa m'malipiro a mwezi. Auzeni poyera kuti simungathe kulipiriratu. Ambiri amamvetsa ndipo amagula tikitiyo okha. Pemphani kuti ulendo uyambire pa Chileka ngati n'kotheka. Nyamulanibe kandalama ka masabata awiri oyamba, pakuti kutsegula akaunti kunja kumachedwa, ndipo eni nyumba ena amafuna dipoziti musanalowe. Malo ogona yambani kufunafuna tsiku limene mwalandira kalata, makamaka ku Oxford ndi ku Leiden komwe nyumba n'zovuta.

Kunyumba siyani zinthu zili m'malo: fizi ya ana, lendi, mankhwala a amayi, ndi munthu wodziwa chochita kukagwa mwadzidzidzi. Abale ena adzaganiza kuti mwapita kokatola ndalama. Auzeni zoona musananyamuke, kuti alawansiyo ndi yokwanira kudya ndi kugona m'dziko lodula. Ngati mukupita pakati pa Novembala ndi Malichi, pitani kaye pa kaunjika ku Limbe mukasankhe jekete lolemera ndi nsapato zotseka. Chiperoni cha mu Juni n'chibwana poyerekeza ndi kuzizira kwa kumeneko, ndipo dzuwa limalowa nthawi imene kuno timakhala tikadali mu ofesi. Kapaketi ka ufa ndi tiyi wa ku Thyolo zimathandiza mtima sabata yachitatu, pamene kusungulumwa kumafika, koma onani kaye malamulo a zakudya zololedwa kulowa nazo.

Muli kumeneko

Masabata amathamanga modabwitsa. Tsiku loyamba kapena lachiwiri khalani pansi ndi wokulandirani, mugwirizane chimene chidzakhale chitatha pa tsiku lonyamuka, ndiponso nkhani ya maina pa pepala: woyamba ndani, womaliza ndani, data ndi ya yani. Ikambeni pachiyambi pamene aliyense akusekerera. Pemphani kuti mukambe pa semina ya dipatimenti m'masabata oyambirira, osati omaliza, kuti amene achite chidwi apeze nthawi yocheza nanu. Pa nthawi ya khofi musadzitsekere mu ofesi, chifukwa mapulojekiti ambiri amabadwira pamenepo. Laibulale yawo ikukupatsani magazini amene kuno sitiwapeza, choncho sungani zonse zimene inu ndi ophunzira anu mudzazifune zaka ziwiri zikubwerazi.

Chovuta kwambiri ndi foni. Akuntchito adzapitiriza kukutumizirani ma memo, ophunzira adzafuna magiredi, komiti idzati lowani pa Zoom mphindi khumi zokha. Mukalola, mudzapezeka mukugwira ntchito ya ku Blantyre muli m'chipinda chozizira cha ku Ulaya. Ikani tsiku limodzi pa sabata la nkhani za kuntchito, ena onsewo akhale a chimene munapitira.

Pobwerera

Bwererani pa tsiku limene munalonjeza. Aliyense amene amatsalira kunja viza itatha amatsekera khomo anzake obwera pambuyo, ndipo Amalawi tikulawa kale zowawa zake pa maofesi a akazembe. Lipoti la kwa opereka ndalama litumizeni m'masabata awiri oyamba, makalasi asanakumizeni. Pepala lija, ngati silinatumizidwe ku magazini muli konko, liikireni tsiku mwezi womwewo. Lembetsani m'gulu la amene anapindulapo kale, chifukwa mabungwe ngati Humboldt ndi DAAD amapitiriza kuthandiza anthu awo ndi maulendo obwereza, mabuku ngakhale zipangizo za mu labotale. Kambani pa semina ya dipatimenti yanu zimene munachita, muitanenso wokulandirani uja kuti adzaone Mudi ndi maso ake. Ndipo fomu yanu imene inapambana ija musaibise. Ipatseni lekichala wachinyamata wa ofesi yoyandikana nanu, mukhale naye pansi masana amodzi, mumufunse chimene chili mu kabati yake.